Mkamwini wa Nyuzipepala

A Elifala kwawo ndi kwa Dzoole, koma kwa Dzooleko alibeko ndi mzere umodzi womwe. Anakwatira a Lidia kumapiri a kuseri kwa Malomo, ndipo imvi zawapezera pachikamwini pomwepo. Nyumba anamanga okha, chigafa cha fodya anazika okha, mango omwe ana a m'mudzimo amagenda anadzala okha, koma zonsezo zikamatchulidwa amati n'za kwa a Lidia. Pamaliro amatumidwa kukawaza nkhuni. Pa nkhani za pabanja amakhala kumbuyo, kufupi ndi njinga za alendo, ndipo ngakhale atsokomole palibe amacheuka. Iwo sanadandaulepo, mwina n'chifukwa chake anthu anazolowera kuwaiwala.

Ntchito ya nyuzipepala inawapeza ali kale ndi zidzukulu. A Vinsenti, omwe ankagawa nyuzipepala ku Mponela, ankafuna munthu wa njinga woti Lachitatu ndi Loweruka azilandira mtolo pasiteji ya Malomo n'kukagawa kusukulu, kuchipatala, kwa abusa ndi kwa alangizi a zaulimi. Malipiro ake anali a sopo ndi mchere basi, ndipo theka linkathera m'machubu, chifukwa misewu ya kumapiriko imadya matayala ngati chiswe. Koma kumeneko n'komwe a Elifala anamva koyamba munthu akuwatchula kuti bambo Elifala, osati amuna a Lidia. Ahedi ankawapatsa mpando mu ofesi. Abusa ankawafunsa za msewu ndi za bondo lawo. Akaima pagolosale, anthu ankawazungulira kuti awauze zomwe dziko likunena, iwo n'kuwerenga mitu yokha ya patsamba loyamba, pang'onopang'ono, chala chili pa chilembo. Zimenezo zinkawakoma, tisabise.

Kale mtolo unkalemera moti pachitunda ankatsika n'kumakankha njinga. Kenako aphunzitsi anagula mafoni, alangizi anasamutsidwa, achipatala anayamba kugawana pepala limodzi onse. Mtolo unaonda mpaka unkalowa m'jekete. Koma nthawi yodikira sinaonde nawo. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndiye palibe ankadziwa kuti ifika liti, ndipo ikapanda kukupeza pasiteji kondakitala ankapitirira nawo mtolowo. A Elifala ankayenera kukhalapo kuyambira m'mawa, nthawi zina mpaka dzuwa pamutu.

Vuto linabuka m'nyengo ya nazale. Aliyense wa kuno akudziwa kuti mbande za fodya sizimva zoti mwini wake watanganidwa. Zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ukaziphonya pa dzuwa la Okutobala umapeza bedi lonse litagona. Chaka chimenecho chitsime cha kudimba chinaphwa kwambiri. Anthu ankatunga mosinthana, keni imodzi, kenako kudikira kuti madzi asonkhanenso, moti kuthirira kunkadya m'mawa wonse. Masiku a nyuzipepala opita kukathirira anali a Lidia, koma msana unali utawakana kale. Ankathirira bedi limodzi, lachiwiri n'kukhala pansi. Mabedi a kwa a Elifala anayamba kuoneka achikasu pakati pa obiriwira a anzawo.

Dimbalo ndi la mbumba, ndipo amagawa malo ndi a Benjamini, achimwene awo a Lidia. Iwo si munthu woipa, kungoti amaona mkamwini ngati manja awiri owonjezera. Anabwera madzulo ena, nakhala pakhonde, nanena mosazungulira kuti malo a pafupi ndi chitsime sangamawonongeke chifukwa cha mapepala. A Festus, mkamwini wachinyamata amene anakwatira mng'ono wawo wa a Lidia, anali ndi mphamvu koma malo ake anali kumtunda kouma. Ndiye a Elifala asankhe: nyuzipepala kapena mabedi. Anawapatsa mpaka Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

A Elifala si chitsiru. Ankadziwa bwino kuti fodya ndiye amagula feteleza wa chimanga, ndiye amafolera nyumba, ndiye amachititsa kuti wa golosale akupatse moni. Nyuzipepala sinagulepo ngakhale thumba limodzi. A Lidia anawakumbutsa zomwezo mofatsa, akudzisisita msana, ndipo iwo anavomera ndi mutu. Loweruka lake ananyamuka atatsimikiza kuti akatsanzika onse. Koma atafika kusukulu, ahedi anawakokera mpando monga mwa masiku onse, nawafunsa maganizo awo pa za mitengo ya fodya, n'kumvetsera mpaka atamaliza. Mawu otsanzika aja anabwerera nawo kunyumba osawatula.

Lamulungu abale anasonkhana pabwalo pa a Benjamini. A Elifala anasiya malo awo a kumbuyo, nabwera kudzaima kutsogolo, chipewa chili m'manja.

"Alamu, m'mudzi muno chilichonse n'chanu. Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu, ana omwe ndi anu. Nyuzipepalazi zokha ndiye zanga. Sindisiya."

Chiyambire kubwera m'mudzimo anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero pagulu. A Lidia anangoyang'ana pansi. A Benjamini sanakwiye n'komwe, ndipo chimenecho n'chomwe chinapweteka. Anangoti chabwino, amva, kenako anayamba nkhani ya mbuzi zomwe zinkalowa m'dimba. M'mawa mwake a Festus anali kale pa mabedi aja ndi makeni awo. Pomatha sabata mbande zina zinali zitadzuka.

Kwa masiku angapo a Elifala ankayenda chowongoka. Fodya wa chaka chimenecho anali atapita, ankadziwa, koma mumtima munali kakutentha kena komwe anali asanakamvepo. Anatsuka njinga, nagula mphira watsopano womangira pakaliyala.

Loweruka lotsatira anafika pasiteji molawirira. Minibasi yoyamba inatsitsa anthu ndi matumba, koma mtolo panalibe. Yachiwiri chimodzimodzi. Kondakitala wa yachitatu, yemwe ankawadziwa, anangotambasula manja. Dzuwa litatentha anapempha foni kwa mayi wogulitsa tomato, naimbira a Vinsenti. Kumbali inayo kunali phokoso la msika, ndipo a Vinsenti anayamba afunsa kaye kuti akulankhula ndi ndani.

"Oo, a ku Malomo! Pepani madala, ndinaiwala kukuuzani. Mbali imeneyo akampani atseka, ogula achepa. Anagamula mwezi wathawu. Koma mwagwira ntchito, zikomo."

Mwezi wathawu. Ndiye kuti tsiku lija ankaima pamaso pa alamu awo, chinthu chomwe ankati n'chawocho chinali chitatha kale, ndipo akampani a ku Lilongwe omwe anachithetsa sankadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Elifala. Anabweza foniyo ndi manja awiri, nathokoza. Chisoni chinawagwira, koma choposa chisoni anali manyazi. Akanabwerera nthawi yomweyo akanadutsa pamwamba pa dimba anthu onse akuthirira, ndipo aliyense akanadziwa.

Anakwera njinga nalowera msewu wa kumapiri. Pasukulu anadutsa osakhota. Kwa abusa anadutsa chakumbuyo. Pachitunda anatsika n'kumakankha, ngakhale njinga inalibe kanthu, ndipo pamwamba anakhala pamwala mpaka nthawi yomwe amafikira kunyumba itakwana.

A Lidia anali pakhonde akusankha nyemba. Anafunsa ngati ayenda bwino, iwo anati ayenda bwino. Anafunsanso kuti ahedi ali bwanji, iwo anati ali bwino, akupereka moni. Lachitatu m'mawa, anzawo akutsikira kudimba ndi makeni, a Elifala anatulutsa njinga, napopa tayala lakumbuyo, nanyamuka kupita kusiteji.