Mpweya wa Bambo pa Galasi la Abusa

Chimwalirireni mayi ake, mwana wanga Tadala ndiye amandipititsa kutchalitchi ku Govan, kuno kudziko la azungu. Lamulungu lapitali galasi lakutsogolo la galimoto yake linachita nthunzi, iye anangodina batani, n'kuyera. Ine ndinamva fungo la mbatatesi yaiwisi, chonsecho m'galimotomo munalibe mbatatesi.

Bambo anga ankayendetsa galimoto yakale ya m'busa wachizungu ku Mulanje. Inalibe chotenthetsera, choncho nyengo ya chiperoni ankadula mbatatesi pakati n'kupaka pagalasi kuti lisachite nthunzi. Tsiku lina anandikweza kumbuyo, kupita nane kuchipatala ndi chilonda cha pamwendo. Mbatatesi inalephera, msewu sunkaoneka.

"Yohane, ukupuma kwambiri," anatero abusa kwa bambo, atakhala pambali pawo. "Tsegula windo lako."

"Chifuwa chija sichinathe, bwana."

"Ukufuna tigwere kuphompho?"

Bambo anatsegula. Mvula yowaza inkawamenya pakhosi, malaya n'kumata pathupi, uku akutsokomola cham'kati kuti asamveke. Windo la abusa linali chitsekere. Ine ndinaganiza kuti mpweya wathu ndi wauve, umaipitsa magalasi a azungu. Ndinagwira mphuno n'kumapuma pang'onopang'ono mpaka chizungulire chinandigwira, poganiza kuti ndikasunga wanga, bambo aloledwa kutseka.

Sanaloledwe, tsiku limenelo ngakhale masiku ena onse a chisanu chimenecho. Tinawaika m'manda chimanga chisanabzalidwe. Abusa analalikira bwino pamaliro.

Ndinazindikira ndili wamkulu kuti galasi lozizira silisankha mpweya wa munthu. Ndakhala ndikuwakhululukira abusa aja zaka zonsezi, koma sindinamalize.