Nambala Yomwe Sitinkailemba

Ntchito yanga ku Nkhata Bay inali yokonza matelefoni. Ananditumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Ntcheu, ine ndi mkazi wanga ndi ana awiri, m'zaka zija munthu ukafuna kutsokomola unkayamba wacheuka kaye. Mafoni a pa boma anali owerengeka, ndipo onse ankadutsa pa swichibodi imodzi, bolodi la timaenje momwe opaleta ankasomekamo chingwe kuti anthu awiri alankhulane. Masana pabolodipo pankakhala mayi wina wa Chitonga, wamasiye, wa ana anayi. Ndinkawatcha Ama monga amachitira eni dera, iwo nkumanditcha Ada, kutanthauza bambo, ngakhale ndinali mwana kwa iwo. Tsiku silinkatha osandiseka kuti Mngoni woopa madzi ngati ine sanamuonepo chibadwire.

Pambali pa bolodi pankakhala buku lachikuto chakuda. Foni ya munthu ikavuta, Ama ankalembamo tsiku, nthawi, nambala ndi vuto lake. Koma iwo dzanja linkawayabwa, moti m'mphepete ankawonjezeramo zawozawo: mvula yayamba, magetsi aphethira, sitima yafika. Ine zinkandinyansa. Ndinkati, "Ama, ili ndi buku la ntchito, si kalata yopita kwa apongozi." Ankangoseka nkupitiriza.

Nambala imodzi yokha ndi imene sinkalowa m'bukumo, ndipo amene anachititsa ndine. Inali ya bwana wina wamkulu m'chipani, yemwe nyumba yake inali pamtunda, njira yopita ku Chikale. Foni yake inkangofa yokha, nkudzukanso yokha. Bukulo akuluakulu athu a ku Mzuzu ankaliwerenga mwezi ndi mwezi, ndipo tinkamva mphekesera kuti kwinakwake mnzathu wa ntchito ngati yangayi anatengedwa chifukwa foni ya munthu wamkulu inkavuta pafupipafupi. Ankati amachita dala. Ndiye ine, poopa zimenezi, ndinawauza Ama kuti, "Iyi yokha musamailembe. Ikafa muzingondiuza pakamwa, ndizithamanga." Anandiyang'ana nkunena kuti, "Mwatero ndinu, Ada." Ndipo ndinkathamangadi, thukuta kamukamu pachitunda chija, koma pofika ndinkapeza foni ikugwira bwinobwino. Ndinkangopukuta fumbi, akazi a bwana nkundithokoza.

Tsiku lina m'mawa bwana uja akulankhula ndi akuluakulu ake a ku likulu, foni inaduka pakati pa nkhani. Kumeneko anaganiza kuti wawadulira dala. Tangoganizani! Bwanayo naye anagwidwa nthumanzi, ndipo munthu wamkulu akachita mantha, wopsa ndi wamng'ono. Anati pabolodi pali munthu amene amamvetsera nkhani zake nkumazula chingwe. Masiku amenewo munthu wa kumpoto sankachedwa kulozedwa chala.

Mawa lake kunabwera mwamuna wina wa jekete yotuwa. Sanatchule dzina, ifenso sitinafunse. Anakhala pampando wanga, nkuyamba kusenda nthochi pang'onopang'ono, maso ali pamsana pa Ama. Atamaliza anati, "Inu a matelefoni, akuti vuto ndi la mayi awa. Ngati ndi la mawaya, mundionetse. Ndibwera Lachisanu." Khoko la nthochi analisiya patebulo panga.

Atangotuluka ndinamenya tebulo. Ama sanacheuke, anapitiriza kulumikiza anthu, mawu awo ali aulemu ngati masiku onse, koma ndinaona chingwe chikuphonya kabowo kawiri konse. Ndinalumbira mumtima kuti mayi awa sapita kulikonse, vutolo ndilipeza basi.

Pa nambala ya bwana ndinalibe poyambira, popeza m'bukumo munalibe. Ndiye ndinatenga mapepala akale nkuyamba kukopera madandaulo onse a miyezi isanu ndi umodzi, mzere ndi mzere. Anali ambiri ngati nyerere. Ndinayamba kupeta. Ndinachotsa onse amene ndinkawadziwa chifukwa chake: foni yogwetsedwa pansi, chingwe chodyedwa ndi makoswe, mtengo wogwera pa waya wa ku Mzuzu. Ndinachotsanso amasiku omwe magetsi anathima. Otsalawo anali aja olembedwa kuti "yakhala bwino yokha". Nditawasanja potsata manambala, ndinaona kuti ambiri ndi a mafoni asanu okha, ndipo asanuwo ankafa tsiku limodzi, nthawi zoyandikana, nkudzuka dzuwa likakwera.

Ndinafunyulula chithunzi cha mawaya athu. Asanu onsewo ankakumana m'kabokosi kamodzi, papolo ya pakona yokhotera ku Chikale. Wachisanu ndi chimodzi m'kabokosi komweko anali wa bwana. Koma nchiyani chinkawapha masiku ena okha? Mvula ku Nkhata Bay imagwa ngati yalipidwa, ikanakhala mvula yokha bwenzi akufa sabata iliyonse. Ndinabwerera m'buku, ulendo uno kuwerenga zam'mphepete zija ndinkazinyoza. Ndipo taonani, tsiku lililonse loti mawa lake mafoni afa, dzanja la Ama linali litalemba kuti, "Nkhungu, tatseka mawindo."

Nkhungu ndi tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja ngati utsi wa moto wolusa, mphepo nkutikankhira kumtunda. Amayi a kumeneko amazikola ndi malichero kuti zikhale ndiwo, ife obwera tinkangotseka pakamwa. Ndinanyamula makwerero kuthamangira kupolo ija. Chivindikiro cha kabokosi chinali chong'aluka, ndipo m'kati munali nkhungu zakufa zokhazokha, zoumbika ngati phala, zitagwirizanitsa mawaya onse. Zikanyowa ndi mvula kapena mame, mafoni ankafa. Zikauma ankadzuka. Ndinaseka ndekha pamwamba pa polo ngati wamisala. Ndinakokolola zina nkuzikulunga m'pepala, zina ndinazisiya dala kuti aliyense wofuna akaone yekha.

"Ama, mwapulumuka!" ndinafuula ndikulowa. "Ndi dzanja lanu lomwe lija lakupulumutsani." Anayang'ana mapepala anga, nkuyang'ana buku. Sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anati, "Mukawaonetsa zonsezi, Ada?" Ndinati inde, zonse, umboni ndi umenewu. Anapukusa mutu pang'ono nkuti, "Chabwino." Ine ndinapsa mtima kuti ndavutika masiku awiri, munthu osanena ndi zikomo yemwe. Uchitsiru wanga unali pamenepo, sindinafunse chimene iwo anali ataona.

Lachisanu wa jekete uja anafika nthawi ya m'mawa, galimoto nkuisiya panja ikulira. Ndinamuyalira zonse patebulo. Ndinafotokoza mmene ndinapetera, ndinamuonetsa mafoni asanu, masiku ake, kabokosi, nkumufunyululira nkhungu zija. Anamvetsera bwino kwambiri, kuposa mmene akuluakulu anga anandimvetserapo. Anatsata mizere ndi chala, tsamba ndi tsamba.

"Ntchito yabwino," anatero. "Ndiye kuti asanu awa akafa, ya bwananso inkafa?"

"Eya, nthawi zonse. Waya wake uli momwemo."

"Nthawi zonse." Anatsegulanso buku kuchokera koyamba, osafulumira. "Asanu awa ndikuwaona, alembedwa bwinobwino, ndi nthawi yomwe. Nanga ya bwana ili pati?"

Pabolodi kanambala kena kanali kuitana, palibe anakayankha.

"Miyezi isanu ndi umodzi foni ya munthu wamkulu ikufa, osalembedwa ngakhale kamodzi. Mvula yalembedwa. Sitima yalembedwa. Tizilombo talembedwa. Amene amabisa zimenezi amafuna kuti pachitike chiyani?" Anatembenukira kwa Ama. "Dzanja ili ndi la ndani?"

"Ndi langa," anayankha Ama.

"Alipo anakuuzani kuti musamalembe?"

Apa ndiye pamene ndimaima ndikamakumbukira. Ama anandiyang'ana. Sanandiloze, sanandikodole, anangondiyang'ana basi, kundipatsa mpata. Mawu anali pakamwa penipeni, awiri okha: ndinawauza ndine. Ine amene ndinkakalipira aliyense pa boma paja, wolusa ngati mavu, lilime linauma gwa. Ndinaona ana anga awiri, ndinaona mkazi wanga akukwezedwa lole kubwerera ku Ntcheu yekha. Ndinaweramitsa mutu nkumayang'ana nkhungu zakufa zija.

"Palibe," anatero Ama.

Wa jekete uja anawauza kuti atenge chikwama chawo, akafotokoze bwino kutsogolo. Buku analipanira m'khwapa pamodzi ndi mapepala anga onse, omwe ndinawalemba mwaukhondo chonchija. Asanabwere anali ndi mphekesera chabe. Umboni ndinamupatsa ndine, wosanjidwa kale.

Ama anavula zomvera za kumutu nkuzipachika pamalo pake. Anakonza mpango. Pakhomo anaima nkunena, mawu ali phee, "Ada, mukawauze ana kunyumba asandidikire. Wamkuluyo aphike, ufa uli m'ndowa."

Ndinapita masana omwewo. Nyumba yawo inali kuseri kwa msika, ndipo ndinapeza mwana wawo wamkulu, mtsikana wa sekondale, akuyanika chinangwa pathandala. Anandipatsa mpando, anagwada nkundipatsa moni mwaulemu wonse. Ndinanena zimene ananditumazo, za ufa zomwe. Manja ali mbuu ndi chinangwa, anafunsa, "Inu mumagwira nawo ntchito, Ada. Amama alakwa chiyani?"

Ndinamuyang'ana mwanayo m'maso, nkumuuza kuti sindikudziwa.