Andibweza pa makina a maso chifukwa choyang'ana pansi

Andithira mankhwala m'maso, andiseketsa pagulu, kenako andibweza osandijambula. Chipatala chimenecho?

Ine sindine wolankhulalankhula, koma izi zandikwana. Mayi anga anachita khungu ndi gulokoma, nthenda yodya maso mwakachetechete. Nane diso lakumanzere layamba kusaona za m'mbali. Sabata yatha mwana wanga anakwawa mpaka pambaula ali chakumanzere kwanga, ine osamuona.

Lachiwiri ndinanyamuka ku Lifuwu m'mamawa, mwana kumsana, kupita kukachipatala kena ka maso. Kali ndi makina ojambula mitsempha ya magazi ya m'kati mwa diso. Akuti chithunzicho chimathandiza adokotala kudziwa ngati nthendayo yayamba.

Cha m'ma 10 koloko anandithira mankhwala aja. Kenako mkulu wa pamakinawo, wa tayi yofiira, anandikhazika pampando, nkhope yake pafupi ndi yanga mpaka kumva mpweya wake. Akuti, "Yang'anani kuno."

Kwathu tinakula osayang'ana mwamuna wachilendo m'maso. Ndinayesa ndithu, koma maso ankangogwa okha.

Iye mokweza: "Mayi, sindikukufunsirani banja! Tukulani maso!"

Benchi yonse kuseka. Ndinayesanso, misozi ili chuchuchu. Mkulu uja akuti, "Akunyanja awa, anazolowera kuyang'ana usipa pathandala. Wotsatira!"

Pomwepo panali nesi wamkazi, akuswa mtedza. Ndinamunong'oneza kuti mwina andijambule iyeyo. Akuti, "Makinawo sindigwira ine, asisi. Mudzabwere manyazi akadzatha."

Nditatuluka, mayi wina yemwe anali atajambulidwa anandiuza kuti m'makinamo muli kakuwala kobiriwira. Umayang'ana kameneko, osati munthu ayi. Basi! Inu a tayi yofiira, sukulu yonse ija munaphunzira, kunena zimenezi kunakukanikani? Kapena tayiyo inakutsekani pakhosi?

Palibenso anandichenjeza kuti mankhwalawo amachititsa chimbuuzi m'maso. Ndinatulukira padzuwa la Salima ndikupapasa mpanda, mwana akulira kumsana. Wakabaza wina ndi amene anandigwira dzanja n'kundiwolotsa msewu. Iyeyo, wopanda yunifolomu.

Amayi anzanga, mukamapita kumeneko tengani wokuperekezani, ndipo mukangokhala pampando funsani kumene kuli kakuwalako. Iwo sakuuzani.

Inu akuluakulu a chipatalacho, ndiyankheni: diso langali lidikire mpaka liti kuti wantchito wanu amalize nthabwala zake? Lachiwiri likubwerali ndidzafikanso. Mudzaseke mmene mungathere, koma pampandopo sindidzadzuka chithunzi changa chisanatuluke.