Chaka chimene amayi anadula mkuzi wanga

Fungo la chinangwa choviika silichoka m'mphuno mwa munthu wobadwira ku Chia. Kwathu mitsuko yake inkakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ndipo dzinja likafika fungolo linkasakanikirana ndi la matope a m'dambo la mpunga ndi utsi wa masamba aawisi amene tinkafukiza pothamangitsa udzudzu. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Abambo anali kuntchito ku Halale. Pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Mwatitha amene anali atangoyamba kuyenda.

Pakati pa ine ndi Mwatitha panabadwa ana atatu, ndipo onse anapita kumanda asanadziwe kuyankhula. N'chifukwa chake ife awiri tinkavala mkuzi m'chiuno, chingwe chokhala ndi kachithumwa kosokerera m'kansalu. Amene anatimanga ndi amalume, a Chikuse, eni mbumba. Wanga unali utada ndi thukuta, unkanunkha mafuta a nsatsi, ndipo ndikamasambira ndinkaugwira ndi dzanja limodzi kuti usaduke. Ndinkadziwa kuti moyo wanga uli mmenemo.

Amayi anali atakhala m'kalasi ya ubatizo zaka zambiri. Lamulungu lililonse tinkakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi chathu chaudzu, pafupi ndi khomo, ndipo nthawi ya mgonero ikayandikira ife osabatizidwa ankatitulutsa. Tinkaima padzuwa n'kumamvera nyimbo kudzera m'khoma. Anzawo amene anayamba nawo limodzi anali atabatizidwa kalekale. Mphunzitsi wa mpingo sankabisa mawu: zithumwa zichoke kaye pa ana. Amayi ankavomera ndi mutu, koma akafika kunyumba mpeni sankaugwira.

Chaka chimenecho, Lenti itangoyamba, anaugwira. Unali m'mawa, akusenda chinangwa. Anandiitana nandiuza kuti ndiime patsogolo pawo. Mpeni unali wonyowa, wozizira pamimba panga. Anadula wanga, anadula wa Mwatitha, naponya yonse pamoto. Pemphero lalitali panalibe. Anangoti, "Ambuye, ana anu ndi awa." Tsiku lonselo ndinkayenda ngati ndili maliseche.

Mpunga utayamba kutulutsa ngala, Mwatitha anatentha thupi. Amayi anamubereka ulendo wapansi mpaka kuchipatala cha ku boma, ine ndikutsatira ndi kamphika ka phala limene sanalawe n'komwe. Anamumwetsa mankhwala owawa, tinabwerera. Patangopita masiku ochepa khosi lake linauma, maso natembenuka. Anamwalira masana, mbalame zikudya mpunga wathu popanda woziingitsa.

Maliro atatha, amalume anabwera. Anakana kukhala pamphasa. M'dzanja mwawo munali mkuzi watsopano.

"Mlongo wanga, wataya anayi tsopano. Ukufuna akwane asanu?"

"Atatu aja anapita atavala, achimwene," anayankha amayi.

"Koma uyu anali kuseka mpaka tsiku limene unadula. Bwera kuno iwe, ndikumange."

Ndinapita. Ndinathamanga ndithu, n'kukweza manja kuti chingwe chidutse bwino. Chiyambire tsiku la maliro ndinkangodzigwira pamphumi, kufuna kumva ngati kutentha kwandiyamba. Koma amayi anandigwira pamkono nandikokera kwa iwo. Ndinalira, ndinawapempha, ndinawaluma dzanja. Sanandisiye.

"Ndatopa kumvera Mulungu ndili panja," anatero. "Ngati amutenga, amutenge m'manja mwangamu, ndikudziwa kumene wapita."

Amalume ananena kuti pakhomo pano pakadzagwanso maliro, manda ake iwo sadzakumba. Anachoka ndi mkuzi wawo, ndipo sanapondenso pabwalo pathu mpaka abambo atabwerako.

Pa Pasaka tinabatizidwa tonse awiri. Amayi anavala nsalu yoyera yobwereka, mutu wawo wometa wa maliro uli poyera. Wansembe atafunsa ngati akukana ntchito zonse za mdima, anzawo anayankha pamodzi mokweza. Amayi anachedwa. Kenako anayankha okha, aliyense namva. Nthawi ya mgonero itakwana, miyendo yanga inanyamuka yokha kulowera kukhomo, ndipo anandikhazika pansi pondikoka malaya. Potuluka azimayi anali kululutira ndi kuwagwira chanza. Koma amayi manja awo ankangopita kumbuyo, kukonza mbereko imene panalibe.

Ndinawasungira mkwiyo miyezi yambiri. Ndinkati mayi wosadziwa mantha ndi mayi wosadziwa chisoni, wasankha tchalitchi n'kusiya ine pamtunda. Mpunga wochepa umene mbalame zinatisiyira tinakolola osayankhulana kwenikweni.

Lero ndine nkhalamba. Ndaika ana anga awiri m'manda, onse obatizidwa, ndiye sindinganene kuti ndinakhala moyo chifukwa amayi anakana mkuzi. Ana a Akhristu amafanso. M'masiku ano a matipate ndimaona anthu akusintha mipingo monga akusinthira zipani, popanda chimene chawawawa. Tsiku lija ine ndinkaopa kufa, ndipo ndinkayesa kuti wamantha pakhomopo ndine ndekha. Amayi anadzandiuza okha atakalamba kuti ankaopa kuti amalume akunena zoona, ndipo mantha amenewo anagwada nawo pamadzi a ubatizo osauza munthu.