Pang'ono ya Amayi

Linali Lachitatu la mwezi wa Juni, chaka chimene ndinali Fomu 2. Ndinakhala pa benchi ya chipatala cha mishoni kudikira mankhwala a chifuwa a amayi. Iwo ndinawasiya kunyumba, sakanatha kutsika phiri.

Sabata yapitayo tinali titabwera limodzi. Kunali madokotala awiri achilendo, mayi wa ku Holland ndi bambo wa ku Jeremani. Womasulira wawo, wodziwa Chidatchi ndi Chijeremani, ankachokera ku Lilongwe, ndipo tsikulo sanabwere. Anamwino anati anthu otere ndi osowa. Ataona yunifolomu yanga anati, "Iwe wa sukulu, lowa nawo, uziyankhula Chingerezi."

Dokotala wamkaziyo anafunsa mmene amayi akumvera chiyambireni kumwa mankhwala.

"Pang'ono," amayi anatero, maso ali pansi.

Ine ndinauza dokotala kuti akupezako bwino pang'ono. Anamwetulira, analemba, nati apitirize mapiritsi omwewo. Pobwerera amayi ankapuma pa mwala uliwonse.

Tsono Lachitatu limeneli womasulira analipo, mayi wamtali wa magalasi. Chitseko anasiya chosatseka bwino. Mkati munali bambo ena a ku Bowe, alimi a fodya, ndipo atafunsidwa nawonso anati, "Aa, pang'ono."

Womasulirayo sanatembenukire kwa dokotala. Anati, "Pang'ono yake iti, bambo? Tulo mukutiona?"

"Tulo take titi, mayi."

"Nanga makhololo?"

"Akumakhala ndi timagazi."

Apo m'pamene anayankhula Chidatchi, nthawi yaitali ndithu, ndipo bambowo anawagoneka m'chipatala.

Kwathu munthu wamkulu sanena kuti ndikutha. Akati pang'ono ndiye kuti zavuta, ndipo ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili wamng'ono. Koma m'chipinda muja mtima wanga wonse unali pa kuopa kuthyola Chingerezi, ndinangotola liwulo n'kulipereka lokhalokha. Chonsecho kansalu kamene amayi ankakhosomolerapo ndinkachapa ndine, ndipo madontho ofiira ndinali nditawaona kale.

Ndinaimirira kawiri kuti ndigogode. Kawiri konse ndinakhalanso pansi. Anamwino anandipatsa mapiritsi aja. Ndinawafunsa motsitsa mawu za womasulirayo, anati abwerera ku Lilongwe mawa lake masana.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi atagona pamkeka, madzi amene ndinawasiyira osamwa. Ndinalemba m'kope langa kuti: mawa ndibwereka njinga ya amalume, ndiwakweze amayi, ndizikankha, tikafike ku chipatala asanatsegule. Ndikagogoda, ndikanene ndekha kwa mayi wa magalasi uja kuti ndinamasulira molakwa.