Mtengo wa Shedi ya Che Mbwana

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo anatitumizira makina otsukira kuchokera ku Joni. Ife tinkayembekezera ndalama, monga ankachitira azibambo ena a m'mudzi mwathu, koma chimene chinatsika pagalimoto ya matola ya ku Kachulu, kudoko la kwathu kunyanja, chinali chikatoni cholemera chomangidwa ndi malegeni. M'kati mwake munali injini yofiira yoyendera petulo, paipi yaitali yakuda, ndi chogwirira chooneka ngati mfuti. Bambo anati pafoni: "Ndalama mukanadya mwezi umodzi. Ichi chikudyetsani zaka."

Anthu sanachedwe kunong'onezana. Ena ankati bambo anaba makinawo kwa bwana wawo, ena ankati madzi ake ndi amphamvu moti agwetsa nyumba za eni. Amayi, omwe aliyense ankawatchula kuti Abiti Juma, anangopita kwa makaniko wa njinga zamoto kuti awaphunzitse kuyatsa ndi kuzimitsa, kenako anayamba ntchito. Ankatsuka makonde, makoma a nyumba za simenti, pansi pa zigayo za mpunga ku Likangala, maboti a injini, ngakhale bwalo la mzikiti chikondwerero cha Idi chikayandikira. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita nawo. Ndinkakonda kuona ndere zikuchoka pakhoma, utoto wakale n'kuonekeranso.

Chimene sindinkachimvetsa chinali mitengo. Amayi sankatchula mtengo asanafike pamalo. Akafika ankazungulira nyumba pang'onopang'ono, kukanda khoma ndi chikhadabo, kuwerama n'kununkhiza pansi, kenako n'kufunsa kuti mjigo uli kuti. Akatero ankakhala chete kanthawi, mwininyumba akuwayang'ana pakamwa. Aphunzitsi a Namakhwa, omwe anali ndi nyumba yaikulu ya zipinda zinayi, anawauza faifi sauzande. Sabata yomweyo, mayi wina wogulitsa mlamba wowamba, yemwe anali ndi kachipinda kamodzi kokha, anamuuza eyiti sauzande.

Mwana wa mayiyo, Patuma, tinali kalasi imodzi. Tsiku lina pa nthawi yopuma anandiuza pamaso pa anzathu kuti, "Mayi ako amaona nkhope. Aphunzitsi amawatsitsira kuti iwe uzikhoza mayeso. Ife osauka ndiye amatikama."

Ndinamutsutsa, koma mawuwo anandilowa. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwayang'ana amayi ndi diso lina. Akakhala chete asanatchule mtengo, ine ndinkaganiza kuti akuyeza thumba la munthuyo. Akamwetulira kasitomala, ndinkati pali chimene akubisa. Ndinayamba kuyeza makonde ndi mapazi mobisa, kuti ndiwagwire. Ndinafika popanga lamulo langalanga: malo aakulu, mtengo waukulu; malo aang'ono, mtengo wochepa, kaya munthuyo ndi mphunzitsi kaya ndi msodzi. Kamodzi ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene mitengo yawo sinkafanana. Iwo anali akukulunga paipi, ndipo sanatembenuke. Anangoti, "Kodi ntchito zake zimafanana?" Ine ndinati akuzemba funso.

Kenako kunagwa maliro ku chilumba cha Chisi, ndipo amayi anakwera boti kupita kumeneko kwa masiku awiri. M'mawa wotsatira, ndikusesa pabwalo, panafika Che Mbwana pa njinga yawo. Anali bambo wamkulu ndithu, wogula nsomba kwa asodzi n'kumagulitsa kwa anthu a m'tauni, ndipo ankalankhula mofatsa nthawi zonse.

"Amayi alipo?" anafunsa, ngakhale mudzi wonse unawaona akupita kudoko.

Ndinagwada n'kuwauza kuti achoka.

"Pepani, ndiye ndalakwa nthawi. Ndimafuna anditsukire kashedi kanga kosungiramo nsomba. Ogula akudandaula fungo. N'kakang'ono, sikafika ndi pa khonde la aphunzitsi. Koma poti iwe ndiwe mwana, za mitengo sungazidziwe."

Mawu omalizawo ndi amene anandikola. Ndinawafunsa kukula kwake, iwo anati mapazi khumi m'litali, asanu ndi limodzi m'lifupi. Ndinawerengera ndi lamulo langa lija n'kunena kuti fo sauzande.

Che Mbwana sananenerere. Anthu akwathu sagula ngakhale mulu wa tomato osanenerera, koma iwo anangopisa m'thumba n'kutulutsa theka la ndalamazo. Anaitananso mayi woyandikana nafe, yemwe ankapeta mpunga pakhomo pake. "Mwamva inu? Mwana wa Abiti Juma wati fo sauzande, ine ndapereka thu sauzande." Ndinakayikira pang'ono, koma ndinalandira ndalamazo. Ndinkafuna kuonetsa kuti m'nyumba mwathu muli munthu mmodzi wosakondera.

Amayi atabwerako ndinawauza monyadira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, chikwama chikadali m'manja.

"Unapita kukaona malowo?"

"Ayi."

"Madzi ali kuti?"

"Sindinafunse."

"Che Mbwana anabwera kwa ine mwezi watha," anatero. "Ndinakaona. Ndinawauza fifitini sauzande, iwo anati akaganiza."

Ndinachita manyazi. Ndinati tikabweze ndalamazo, tikanene kuti ine ndine mwana. Amayi anapukusa mutu. "Mawu anatuluka pakhomo pano, mboni ilipo. Tikabweza, mawa kudoko kumveka kuti kwa Abiti Juma mtengo umasintha ndalama zitalandiridwa kale. Tikatsuka. Koma madzi utunga ndiwe."

Za kukula kwa shediyo Che Mbwana sananame. Inali yaing'onodi. Koma pansi pake panali pakuda bii ndi mafuta a nsomba a zaka zambiri, osakanikirana ndi mwaye wa mlamba umene ankawamba pafupi, ndipo m'ming'alu ya simenti munadzaza mamba a matemba. Nsapato inkamatirira pansi. Fungo lake linkafika pakhosi munthu asanalowe. Chaka chimenecho nyanja inali itabwerera kutali, ndipo madzi otsala pafupi anali matope amchere, oti akanatseka makina. Mjigo unali kuseri kwa sukulu, ndi mzere wa amayi odikira.

Ndinkamangirira zigubu ziwiri pa njinga, kukankha mumchenga, kudikira pamzere, n'kubwerera. Ndikafika, makina ankameza chigubu chonse ine ndisanapume n'komwe. Madzi okha sankachotsa mafutawo. Amayi anagula sopo wa ufa, n'kumawaza pansi, kudikira kuti alowerere, kukwecha ndi burashi atagwada, kenako n'kupopera. Petulo anatha, amayi anatumiza wakabaza kukagula wina. Dzuwa linali pamutu, manja anga anatuluka matuza, koma sindinayerekeze kudandaula.

Che Mbwana anakhala pampando pamthunzi masiku onse awiri amene ntchitoyo inatenga. Iwonso ankatikayikira. Ankadziwa kuti alipira zochepa, choncho ankaopa kuti tingotsuka pamwamba. Nthawi ndi nthawi ankadzuka, kupaka chala pansi n'kuchiyang'ana. Tsiku lachiwiri masana, pansi patayera, analoza makoma.

"Nawonso mupopereko. Ndi shedi yomweyi."

Amayi anazimitsa injini. Kunangoti zii, kumveka madzi okha akuyenderera kukhomo.

"Che Mbwana, mwanayu munamuuza mapazi khumi ndi mapazi asanu ndi limodzi. Amenewo ndi a pansi. Mboni ija ikhoza kubwera. Makoma ali ndi mtengo wake, ndipo muumva kwa ine."

Bamboyo anaseka chapansipansi n'kupereka ndalama zotsala zija. Za makoma sanazitchulenso.

Pobwerera ndinkakankha njinga, makina ali pakaliyala, amayi akugwirizira kumbuyo. Ndalama zonse zinali zitathera ku petulo ndi sopo, ndipo zinaperewera. Titafika pa minda ya mpunga, amayi anayamba okha.

"Kwa aphunzitsi mjigo uli pakhomo, ndipo panali fumbi lokha. Tinatha dzuwa lisanapendeke. Kwa amake Patuma munali mafuta ngati amene wawaonawa. Unalipo, unaona, koma unkawerenga mapazi."

Ndinadabwa kuti ankadziwa.

"Zimene akunena kusukulu ndinazimva kale," anapitiriza. "Anthu sandivuta. Chimandivuta n'chakuti mwana wanga amandiyang'ana ngati ndamubera."

Ndinalira njira yonse, iwo sananditonthoze, sanandikalipirenso.

Lero ndili ndi makina anga awiri, ndipo ndimatsuka nyumba ndi mashopu m'tauni ya Zomba. Anthu amandiimbira foni n'kumati ndingotchula mtengo, malo ake ndi aang'ono, ine ndimati ndibwere kaye. Che Mbwana anamwalira ndisanawafunse ngati anasankha dala tsiku limene amayi kunalibe. Ankandipatsa moni mwaulemu nthawi zonse tikakumana kudoko, ine n'kuyankha mwaulemu, aliyense akudziwa zake mumtima.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti amayi sankakondera, koma ankawerengera zonse m'mutu n'kutulutsa nambala yokha, ndipo munthu akamva nambala popanda chifukwa chake amadzipezera chifukwa yekha, kawirikawiri choipa. Ngati ine wa m'nyumba ndinatero, kuli bwanji wakunja. Choncho ndikafika pamalo ndimayenda ndi mwiniwake, ndimamuonetsa pamene pali mafuta, ndimamuuza kuti madzi achokera kuti ndipo ntchitoyo itenga maola angati, kenako ndimatchula mtengo. Ena amakayikirabe, amati wolongosola kwambiri ali ndi chobisa. Amayi, omwe tsopano akalamba, nawonso amati ndimatha mawu pachabe. Mwina akunena zoona. Koma ine ndinakhalapo mbali ya wokayikira, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko munthu amatha kunamizira ngakhale mayi ake.