Brosha Imodzi ya a Gervásio

A Gervásio anabwerera ku Furancungo, m'boma la Macanga, kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, atanyamula brosha imodzi. Brosha ndi chitsulo chachitali chimene amachikanikiza m'bowo la chopondera magiya cha mota, njinga yamoto ija, kuti chiseme mano ogwirana ndi a injini. Mamota atachuluka, vuto linaoneka: mano ake ndi osiyanasiyana, pomwe brosha yawo inkasema mtundu umodzi basi.

Iwo sanadandaule. Chopondera chimene asema chikakana kulowa, ankapala mano a injiniyo mpaka agonje. Mota ikalowa mu ofisina yawo yokonzeramo mamota kamodzi, sinkalandiranso zitsulo za m'maloja, masitolo aja. Lero mamota ambiri a ku Macanga amadalira iwo, ndipo eni ake amawatchula mwaulemu kuti mestre, kutanthauza katswiri.

A Lúcia, ogulitsa zitsulo pamsika, anapita kukadandaula kuti katundu wawo akungochita dzimbiri.

"Mayi, musade ine," anayankha a Gervásio modekha. "Mafakitale a masiku ano sadziwa kuyeza."

Chaka chatha a Gervásio anagula mota yawoyawo. Chopondera chake chitathyoka, anaikankha mpaka kumsika, n'kukagula chatsopano kwa a Lúcia osanenerera mtengo.